KOMPYUTA IKAYAMBA KUTENTHA THUPI

Mwezi wa Okutobala ukafika, tonse timafunafuna mthunzi. Komatu m'nyumba ndi m'maofesi mwathu muli wanchito wina amene timamuiwala: kompyuta ya patebulo. Imayamba kulira ngati cigayo, kenaka imacita ulesi, ndipo tsiku lina imangozima yokha mwana ali mkati molemba nchito ya kusukulu imene sanaisunge. Ambiri a ife timafulumira kunena kuti yagwidwa ndi vairasi, pamene kawirikawiri cimene caivuta ndi kutentha.

Gwero la Vutoli

M'kati mwa bokosi muli kacipangizo kochedwa purosesa, kamene kamawerengera zonse. Magetsi amene kamadya amasanduka kutentha. N'cifukwa cake pamwamba pake amakhazikapo citsulo ca mano ngati cipeso, ndi fani yocipemerera mphepo. Pakati pa purosesa ndi citsuloco amapakapo phala lotuwa limene amisiri amati thermal paste, loti kutentha kuzidutsa bwino.

Kompyuta ikakhala pa nchito yopepuka, purosesa imakhala pa madigiri 30 mpaka 50. Pa nchito yolemetsa, 70 kapena 80 si zodetsa nkhawa. Koma ikayandikira 95 kapena 100, imacepetsa liwiro dala kuti isapse, ndipo zikapitirira imazimitsa zonse. Luso lodzicepetsera liwiro lotere kampani ya Intel inaliika mu Pentium 4 m'caka ca 2000. Conco kuzima kuja si imfa ai, koma kudzipulumutsa. Madigiriwa tingawaone mu BIOS poyatsa, kapena ndi pulogramu yaulere monga Core Temp.

Zoyenera Kucita

Coyamba, tione pamene taiika. Ena a ife timaifunditsa nsalu yokongola poopa fumbi, n'kuiwala kuivundukula poyatsa. Ena timaikankhira kucipupa kapena kuitsekera m'kabati. Kompyuta imapuma ngati ife: tiisiyire mpata mbali zonse, ndipo tisaiike pansi pamene tsache limautsa fumbi.

Caciwiri, titsegule bokosi. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja kungawale, koma m'mano a citsulo muja fumbi litaundana ngati bulangeti. Tiyambe tazima, tizule nthambo kucipupa, ndipo tikhudze citsulo ca bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwathu asaononge zipangizo. Tipite nayo panja, ticotse fumbi ndi kabulashi kofewa kapena copopera mpweya, titagwira fani ndi cala kuti isazungulire. Madzi asayandikire. Kabokosi kamene nthambo ya magetsi imalowamo tisakatsegule konse, pakuti kamasunga mphamvu yoopsa ngakhale titazima.

Cacitatu, tiyatse bokosi lili cotsegula, manja ali kutali. Kodi fani ya pa purosesa ikuzungulira? Ngati yaima, tizimenso ndi kuona ngati kanthambo kake kali pa malo olembedwa CPU_FAN. Fani yakufa njofunika kugula ina. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi wa purosesa.

Cacinai, tigwedeze citsulo cija pang'ono. Cikamasewera, ndiye kuti cimodzi mwa zomangira zake camasuka. Cikakhala colimba koma kutentha kosatsika, phala lija lauma, monga limacitira pakapita zaka. Ticicotse mocipotoza pang'onopang'ono, osacizula mwamphamvu. Tipukute phala lakale ndi spiriti ya isopropyl, tidontheze latsopano pakati, kukula ngati njere ya nandolo, ndipo timange zomangira mopingasa. Mankhwala otsukira mano si phala limeneli, ngakhale ena amatero.

Mau Otsiriza

Tikacita zonsezi koma madigiri akali pamwamba, kapena manja athu akamanjenjemera, tipite kwa mmisiri. Safunsa anadya phula. Koma tisadikire kulira kwa cigayo kuja. Tiziicotsa fumbi kawiri pa caka, makamaka cilimwe cisanafike pacimake, ndipo tiphunzitse ana kusunga nchito yao pafupipafupi.