Nyumba yotchipa ya mumdadada pa Kasungu: funsani za poloti musanafunse mtengo

Amalonda anzanga, msika wa fodya wa Chinkhoma ukangotsegulidwa, mauthenga a nyumba zogulitsa amatuluka pa WhatsApp ngati ngumbi. "Nyumba ya miyala, zipinda zitatu, madzi ndi magetsi zilipo, mtengo wokambirana." Ogulitsa amadziwa kuti kuyambira April mpaka cha mu August ndalama zimayenda pa Kasungu. Mlimi walandira za mabelo ake, wa okala akupikula kawiri pa sabata, wa kaunjika naye belo silikugona. Sabata ino tisiye kaye mitengo ya nyemba ndi usipa, tikambe za katundu amene ambiri a ife timagula kamodzi kokha pa moyo.

Nyumba zimene zimatchipa kwambiri m'malokeshoni ngati Chankhanga, Belele ndi Juma ndi zolumikizana, zija timati za mumdadada: makomo atatu kapena anayi pansi pa denga limodzi, banja lililonse khomo lake. Kutchipa kwake kuli ndi chifukwa chomveka. Khoma limodzi limagwira ntchito ya nyumba ziwiri, malo ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri chimbudzi ndi mpopi n'zogawana. Kwa munthu wa geni amene watopa ndi landilodi, khomo limodzi lotere likhoza kukhala poyambira pabwino. Koma mdadada umamangidwa ndi munthu mmodzi pa poloti imodzi, ndipo pepala la polotiyo limakhalanso limodzi. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna.

Mwini mdadada akakugulitsani khomo lapakati, n'kukulemberani kalata yosainira mboni ziwiri, kalatayo imangosonyeza kuti munapereka ndalama. M'mabuku a boma poloti yonse ikadali m'dzina lake. Mawa akapita kubanki kukatenga ngongole n'kuika polotiyo ngati chikole, khomo lanu lalowa nawo m'chikolemo. Akalephera kubweza, banki imagulitsa mdadada wonse, inu muli momwemo ndi ana anu. Kuti khomo lanu likhale lanudi, poloti iyenera kudulidwa: wopima malo wovomerezeka ayeze, khonsolo ivomereze, gawo lanu lipatsidwe nambala yake ndi pepala lake. Zimenezi zimadya ndalama ndi miyezi, ndipo poloti zina n'zazing'ono moti khonsolo singalole kuti zidulidwe. Wogulitsa akayamba kunena kuti "zimenezo tidzapanga pambuyo", dziwani kuti kutchipa kuja kwachokera pamenepo.

Funso loyamba tsono ndi lakuti malowo ndi a ndani. M'tauni muno muli poloti za lizi yochokera ku unduna wa za malo, yomwe ya nyumba zokhalamo imakhala ya zaka 99. Muli za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lakhala likumanga nyumba ndi kugawa mapoloti kuyambira 1964. Muli za khonsolo ya Kasungu Municipal. Ndiye pali zambiri zimene anthu anagulitsana pamaso pa mfumu kapena mkulu wa lokeshoni, tauni isanakule n'kuwapeza. Zitatu zoyambazo zili ndi ofesi imene mungapiteko ndi nambala ya poloti n'kufunsa kuti mwini wake ndani, ali ndi ngongole ya msonkho wa malo yochuluka bwanji, ndiponso ngati wina anaikapo chiletso. Ngati nkhani yake ikufuna ku Lilongwe, pitani. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ndipo thiransipoti yake siifika ngakhale pa mtengo wa malata atatu. Za kalata ya mfumu, ulemu tiupereke, koma malo a mkati mwa malire a tauni amayendera mapulani a khonsolo. Chidindo cha mfumu sichingaletse khonsolo kudutsitsa msewu pakhonde panu ngati mapu akunena kuti pamenepo ndi pamsewu.

Poloti ya lizi siisintha dzina ndi kalata ya pamanja. Pamafunika chilolezo cha mwini nthaka, kaya ndi boma, kaya MHC, kaya khonsolo, pamafunika chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndiponso msonkho wa sitampa ndi malipiro a loya. Gwirizanani poyambirira kuti izi alipira ndani, ndipo muzilembe. Ine ndimalangiza kuti gawo lomaliza la ndalama lizituluka dzina likasintha. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi, amangonyinyirika pang'ono.

Chenjerani kwambiri ndi nyumba zamasiye, chifukwa ndi zimene zimabwera ndi mtengo wokoma kuposa zonse. Bambo wamwalira, mwana mmodzi ali ndi makiyi ndipo akufuna ndalama msanga, pomwe abale ake ena ali ku Joni, ena ku Mzuzu. Malinga ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011, mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse ali ndi gawo, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Mayi wina amene tinkayandikana naye benchi mumsika anagula khomo lotere, anapaka penti, anaika ndi geti. Chaka chisanathe anatulukira mlongo wa wogulitsa uja ali ndi samani m'manja. Mlandu unatenga nthawi yaitali moti benchi lake linayamba kuoneka matabwa okhaokha. Ngakhale mwini nyumba ali moyo, funsani kuti akazi awo kapena amuna awo akudziwa, ndipo asaine nawo.

Tibwere ku mawu aja akuti "ya miyala". Kuno nyumba ya miyala kuchokera pansi mpaka kudenga ndi yosowa. Zambiri miyala ili m'maziko mokha, kapena anangomata timiyala kumaso kuti ikongole, mkati muli njerwa wamba. Maziko a miyala ndi abwino ndithu, chiswe sichiwaboola ndipo chinyezi sichikwera msanga, koma mphamvu yake ili m'dothi limene anamangira. Amisiri ena amamanga ndi matope n'kungopaka simenti m'mizere kunja. Tengani msomali wa mainchesi sikisi mukande pakati pa miyala iwiri pamalo obisika. Ukalowa mosavuta n'kutulutsa dothi lofiira, mwadziwa chimene mukugula. N'zomvetsa chisoni kuti simenti ya Shayona imapangidwa m'boma lathu lomwe lino, koma thumba limodzi ena amafuna limange chipinda chonse.

Chigwa cha Kasungu n'chathyathyathya, ndipo tauni yakulira mpaka m'madambo. Dothi lakuda la kudambo limafufuma nthawi ya mvula n'kung'ambika m'chilimwe, nyumba n'kumavina nalo. Mu June paliponse pamaoneka pouma. N'chifukwa chake nyumba yoionera m'nyengo ya fodya muziyang'ana zizindikiro: mzere wa chinyezi m'munsi mwa khoma, penti yatsopano mbali imodzi yokha, ming'alu yoyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo, chitseko chokana kutsekeka. Funsani mayi wogulitsa tomato pafupi kuti madzi amafika pati mu February. Iyeyo alibe komishoni, akuuzani zoona.

M'nyumba ya mumdadada kwerani muone kudenga. Khoma logawana ndi aneba liyenera kufika kumalata. Likathera pa siling'i, makoswe, utsi, moto ngakhale wakuba amadutsa pamwamba kuchoka khomo lina kupita lina, ndipo kwa inu amene mumasunga katundu wa geni kunyumba imeneyi si nkhani yaing'ono. Onaninso mita. Ngati ya ESCOM ndi ya Central Region Water Board zili zogawana mdadada wonse, mwagula ndi mkangano wa mwezi ndi mwezi womwe. Ngongole ya madzi imene ili pa mitayo ilipidwe musanalowe.

Tsopano masamu, poti ndife anthu a masamu. Tingoyerekeza kuti khomo akuligulitsa K18 miliyoni, ndipo khomo ngati lomwelo anthu amalipira lendi ya K60,000 pa mwezi. Pa chaka ndi K720,000, kutanthauza kuti patenga zaka 25 kuti lendi ibweze ndalama yanu. K18 miliyoni yomweyo mu soya kapena mtedza wogula pokolola n'kugulitsa mitengo itakwera ikhoza kuzungulira kangapo m'zaka zochepa. Mbali inayi, tonse tikukumbuka November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, titangoiwala kugwa kwa 25 peresenti kwa May 2022. Amene anasunga ndalama m'buku la kubanki anadzuka atasauka, pomwe wa nyumba mtengo wake unatsatira simenti ndi malata. Choncho nyumba imasunga chuma, koma siibereka msanga ngati geni. Ine kuona kwanga, nyumba igulidwe ndi phindu limene mwaunjika, mpamba utsale ukugwira ntchito. Wogula nyumba ndi mpamba wonse amatha chaka akugona pabwino, kenako n'kuyamba kufunsa madobadoba kuti amupezere wogula. Za katapila kapena ngongole ya banki m'khonde pogulira nyumba, musayerekeze n'komwe: chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, nyumba imabweza pa zaka.

Nthawi yogulira nayo ili ndi mtengo wake, monga zilili ndi chimanga. M'nyengo ya okushoni ogula ndi ambiri, ndipo dobadoba amaonjezapo yake pamwamba pa mtengo wa mwini. Kuyambira December mpaka February zinthu zimatembenuka: anthu akufuna feteleza, fizi ya teremu yachiwiri ndi chakudya cha antchito a kumunda, ndiye wogulitsa amamva mukanenerera. Ubwino wina ndi wakuti miyezi imeneyi mvula imakuonetsani yokha pamene denga likudontha ndi pamene madzi amadikha. Ngati nyumba mwaikonda lero, lembani nambala ya poloti, yambani kufufuza mapepala pano, ndipo mukaionenso tsiku limene kwagwa mvula yamphamvu.

Polipira, pewani kunyamula ndalama m'chikwama. Tumizani kudzera kubanki ku akaunti ya dzina lomwelo limene lili pa pepala la poloti ndi pa chiphaso chaunzika cha wogulitsa, osati ya dobadoba kapena ya mlamu wake, ndipo risiti muisunge pamodzi ndi kalata ya mgwirizano.