Ndere za m'nyanja yamchere zafika mpaka pa Mtakataka

Mayi wa ku Mua akathira chidulo mu thelele la denje amadziwa kuti ndiwoyo ikoma ikananda. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nawonso eni mafakitale amasakasaka kunanda komweku, kungoti iwo amakupeza mu ndere zomera m'nyanja yamchere.

Ndere zofiirirazi akaziumitsa n'kuziwiritsa mumatuluka utomoni wotchedwa carrageenan. Utomoniwu ndi umene umachititsa kuti mankhwala ena otsukira mano asachite madzi, ayisikilimu asalale pakamwa komanso poloni agwirane. Mukagula katundu wotere m'golosale ya pa Mtakataka kapena pa Golomoti, tembenuzani paketi. Mukaona E407, ndi womwewo.

Ena mwa alimi a nderezi amene tayandikana nawo ali ku Zanzibar, m'dziko la Tanzania, komwe amazitcha mwani. Ulimiwu unakhazikika mu 1989 m'midzi ya Paje ndi Jambiani, mbewu yake itachokera ku Philippines. Ambiri mwa alimiwa ndi amayi. Madzi akaphwera amalowa m'nyanja, n'kukhoma zikhomo mumchenga, kumanga zingwe ndi kumangirira tizidutswa ta ndere. Pakatha masabata 6 amakolola. Feteleza safunika, khasu safunika, koma msana umapweteka ndipo mchere umadya khungu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti amayiwa amagulitsa ndere zongoumitsa pamtengo wolira, phindu lenileni n'kukatsalira kumafakitale akunja. Mlimi wa thonje wa ku Golomoti nkhani yotereyi si yachilendo kwa iye. Kuwonjezera apo, madzi a m'mphepete mwa nyanja akutentha kuposa kale, zomwe zakhala zikupha mtundu wa cottonii umene uli ndi mtengo wabwino. Ambiri atsala ndi spinosum, wotsika mtengo.

Koma pali utomoni wina wa ndere umene umatikhudza kwambiri ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Dzina lake ndi agar, ndipo ntchito yake yaikulu ili mu labotale. Pofuna kutsimikiza kuti wodwala ali ndi kolera, achipatala amapaka pang'ono chimbudzi chake pa kambale ka agar wosakaniza ndi zakudya za tizilombo. Tsiku lotsatira tizilomboto timakhala titaswana mpaka kuoneka ndi maso, ndipo akatswiri amatha kuyesa kuti mankhwala amene angatiphe ndi ati.

Nzeruyi inachokera kukhitchini. Mu 1881, Fanny Hesse, yemwe mwamuna wake ankagwira ntchito ndi katswiri wa ku Germany Robert Koch, anaona kuti gelatin amene ankagwiritsa ntchito amasungunuka kukatentha. Iye analangiza kuti ayese agar, amene ankaphikira zakudya zotsekemera. Agar sasungunuka mpaka kutentha kutafika madigiri pafupifupi 85, choncho ngakhale dzuwa la Okutobala la ku Mtakataka silingamuchite kanthu.

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a Salima ndi Mangochi, omwe tachita nawo malire, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Timbale totere tinathandiza kutsimikiza matendawo.

Mwina wina afunsa: nanga ndere zomata pamiyala ya m'nyanja yathuyi? Tsoka ilo, mitundu yotulutsa agar ndi carrageenan imafuna madzi amchere, pomwe athu ndi ozizira. N'chifukwa chake agar wa m'malabotale athu amachita kuitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja.