Nchito Imayamba Mbandakuca pa Nyumba za Ana Olemala m'Lusaka

M'komboni ya Chawama, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, muli nyumba yochedwa Divine Providence Home. Nyumbayi ili pansi pa bungwe la Cheshire Homes Society of Zambia, ndipo oiyang'anira ndi masisitere a Cikatolika a gulu la Holy Family. Pamalopa pamasungidwa nkhalamba zosowa oziyang'anira pamodzi ndi ana, ndipo ena mwa anawo ndi olemala. Ku Mtendere nakonso masisitere a Missionaries of Charity, gulu limene Mayi Teresa anayambitsa ku Calcutta m'caka ca 1950, ali ndi nyumba yolandira odwala ndi ana osowa pogwira. Anthu ambiri amangoona mipanda ya nyumba zimenezi podutsa, koma ndi ocepa amene adziwa nchito imene imagwiridwa m'katimo.

Dzina la Cheshire ndi la Leonard Cheshire, Mngelezi amene anali woyendetsa ndege za nkhondo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. M'caka ca 1948 iye analandira m'nyumba yake munthu mmodzi wodwala mwakayakaya amene analibe kopita, ndipo nyumba za Cheshire zinayambira pamenepo. Nchitoyi inafika m'Zambia m'caka ca 1973, ndipo ku Kabulonga kuli nyumba ina ya bungweli yosunga ana olemala. Masiku amenewo ana ambiri anali opuwala ndi nthenda ya poliyo. Katemera anaicepetsa nthendayo, kotero kuti lero ambiri mwa ana ofuna cisamaliro ca usana ndi usiku ndi aja amene ubongo wao unavulala ali makanda, cimene madokotala amacicha cerebral palsy. Mwana akacedwa kupuma pobadwa, akadwala cikasu coopsa m'masiku oyamba, kapena akagwidwa ndi malungo a mu ubongo ndi nthenda youmitsa khosi, akhoza kukula osakhoza kukhala tsonga, kuyenda, kapena kulankhula bwino. Kaundula wa anthu olemala amene Boma linacita m'caka ca 2015 anapeza kuti ana oposa pang'ono 4 pa ana 100 aliwonse a zaka 2 kufikira 17 ali ndi cilema.

M'nyumba zotere oyamba kudzuka ndi amai osamalira ana. Kusanace amayamba kusintha matewera ndi zofunda, cifukwa mwana wa zaka 10 amene sakhoza kupita yekha kucimbudzi amafuna cisamaliro cimodzi-modzi ndi khanda, kungoti iye ngolemera. Kumnyamula kucokera pabedi kupita kosamba, ndi kumbweza, m'mawa ndi madzulo, ndiko kumathyola misana ya amai amenewa. Posambitsa amayang'ana m'ciuno, m'zidendene ndi kumsana, pakuti mwana wogona mbali imodzi nthawi yaitali amacita zilonda zimene zimabvuta kupola. Zocapa sizitha, ndipo madzi ndi sopo zimene nyumba yotere imatha pa tsiku limodzi zikhoza kudabwitsa banja wamba.

Koma nchito yofuna luso koposa zonse ndi kudyetsa. Mwana wa cerebral palsy kawiri-kawiri sakhoza kutafuna ndi kumeza monga anzake. Lilime limakankha cakudya kunja, nsagwada zimaluma supuni, ndipo ngati amdyetsa ali cagada, phala limasocera n'kulowa kumapapo. Pamenepo ndi pamene pamacokera cibayo cimene catenga miyoyo ya ana ambiri otere. Cifukwa cace womdyetsa amamkhazika tsonga, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, ndipo amampatsa pang'ono-pang'ono, kudikira kuti ameze asanaonjezere. Phala liyenera kukhala lolimbirako, pakuti la madzi-madzi ndilo limatsamwitsa msanga, ndipo amathiramo nsinjiro kapena mafuta kuti zocepa zimene mwana wameza zikhale ndi mphamvu. Nsima amaifewetsa ndi msuzi, ndiwo nazikanya. Mbale imene mwana wina angamalize kamphindi, uyu atha kukhala nayo theka la ola kapena kupitirira. Tsono ngati mai mmodzi ali ndi ana angapo otere, womaliza amadya phala lozizira, ndipo posacedwa nthawi ya cakudya ca masana imakhala yakwana. Anthu opereka mphatso amakonda kubweretsa maswiti ndi zidole pa Khrisimasi, ndipo zimenezo si zoipa, koma cimene cimasowa kweni-kweni pa nthawi ya cakudya ndi manja.

Kukhala tsongako kumafuna mpando woyenera. Pa cipatala cacikulu ca UTH pali gulu lochedwa APTERS, mmene anthu olemala amapanga mipando ndi zoimiritsira ana kucokera ku makatoni ndi mapepala akale omata ndi phala la ufa. Wosadziwa angaseke kumva za mpando wa mapepala, koma ukauma umalimba ngati thabwa, ndipo amaupanga poyeza thupi la mwana mwini wace. Mwana amene anazolowera kuona denga lokha, akakhala mumpando wotere amayamba kuona nkhope za anzake, manja ake namasuka kugwira kapu. Tsiku ndi tsiku amamuongolanso manja ndi miyendo kuti mfundo zisaumiretu. Ana a mapazi opindika ndi ena ofuna opareshoni amatumizidwa ku UTH kapena ku cipatala ca Beit CURE, cimene cinatsegulidwa m'Lusaka m'caka ca 2006.

Dzuwa likakwera, okhoza kuphunzira amalowa m'kalasi. Maphunziro a olemala m'dziko lino anayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kumene a mishoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu m'caka ca 1905. Boma linalowapo m'caka ca 1971, pa nthawi ya a Kaunda, ndipo caka comweco m'Lusaka munatsegulidwa koleji ya aphunzitsi a ana olemala imene tsopano ichedwa ZAMISE. M'kalasi yotere mayeso sali a papepala okha. Wina akuphunzira kuwerenga, wina kumanga mabatani, wina kuloza cithunzi ca kapu pamene ali ndi ludzu.

Ana ambiri otere ali ndi khunyu, ndipo mankhwala ace, monga phenobarbitone, ayenera kumwedwa tsiku liri lonse osadumphitsa. M'makomboni mukali anthu okhulupirira kuti khunyu ndi ziwanda kapena ufiti, ndi kuti thobvu la wodwala limapatsira. Zimenezi si zoona. Osamalira ana amaphunzitsidwa kumgoneka mwana cam'mbali akagwa, kucotsa zinthu zimene zingamvulaze, ndi kusamuika supuni kapena cala m'kamwa. Mbaula imaikidwa kutali ndi ana, cifukwa odwala khunyu ambiri ali ndi zipsera za moto.

Mabvuto a komboni salekezera pa geti. Pamene kolera inabuka m'Lusaka mu Okutobala 2023, kufikira bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024, ana okwawa pansi ndi kuika manja m'kamwa ndiwo anali pa ngozi yaikulu. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi namazima maola ambiri pa tsiku, ndipo magetsi akazima, pampu ya pa citsime nayonso imaima.

Funso limene limabvuta ndi lakuti, kodi mwana ayenera kukulira m'nyumba yotere kapena kwao? Zambia inabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala m'caka ca 2010, nikhazikitsa lamulo la anthu olemala mu 2012 ndi lamulo la ana mu 2022. Maganizo a malamulowa ndi akuti malo a mwana ndi pa banja, ndipo nyumba zosungira ana zikhale pothawira pomaliza. Bungwe la Special Hope Network, limene linayamba nchito m'Lusaka m'caka ca 2010, limatsata njira imeneyo: mwana amagona kwao, koma amabwera ndi kholo lace ku malo a bungweli m'komboni, kumene khololo limaphunzira kumdyetsa ndi kumuongola. Boma nalo limapatsa mabanja osauka thandizo la ndalama, ndipo m'caka ca 2022 banja lokhala ndi munthu wolemala kwambiri linali kulandira K400 pa mwezi pamene ena analandira K200.

Komabe lamulo silinyamula mwana. Mai wa ku Kanyama kapena ku George amene amuna ace anathawa ataona cilema, ndipo amapeza cakudya mwa kupikula tomato ku Soweto mbandakuca, ali ndi njira ziwiri: kubereka mwana wa zaka 8 kumsana tsiku lonse, kapena kumkhomera m'cipinda. Eni nyumba ena safuna kubwereketsa cipinda kwa banja lotere. M'nyengo ya mvula, pamene madzi amadzaza m'njira za Kanyama, njinga ya olemala siyenda, ndipo okondakita a minibasi ena amafuna kuti njingayo ilipiridwe ngati munthu. Mwana amene wabwezedwa kwao popanda womuongola miyendo, pakangopita miyezi yocepa mfundo zimaumanso, ndipo osamalira amayambiranso pamene anayambira.