Kodi mumadziwa? Timalemba tiwiri pansi pa ziboda za kavalo

M'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi muli mabanja amene akusungabe kachitini ka agogo amene anapita ku Joni kapena ku Halale. M'katimo mumakhala chitupa chothetheka, mabatani a jekete ndi makobidi amene lero sagula ngakhale mchere. Musanapatse ana kuti aziseweretsa, tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti paundi ya Angelezi inali ya golide weniweni? Dzina lake ndi sovereign, ndipo inkasinthidwa ndi mashiling'i 20. Imalemera magalamu 7.98. Mwa amenewa, magalamu 7.32 ndi golide, otsalawo ndi mkuwa wolimbitsira, chifukwa golide payekha ndi wofewa, sachedwa kuperepeseka m'manja mwa anthu. M'mimba mwake ndi mamilimita 22 okha, yochepa kuposa chitsekerero cha botolo la Fanta. Yoyamba ya mtundu umenewu inasulidwa mu 1817.

Kodi mumadziwa kuti si zonse zinasulidwa ku London? Nyumba yosulira ndalama ya Royal Mint inatsegula nthambi m'maiko amene Angelezi ankalamulira: Sydney mu 1855, Melbourne mu 1872, Perth mu 1899, Ottawa mu 1908, Bombay mu 1918, ndipo chitsirizira chinali Pretoria mu 1923. Kusula ndalama pafupi ndi mgodi kunali kotchipa kusiyana ndi kukweza golide sitima ya pamadzi kupita ku London kuti akabwereko ali makobidi. Nthambi ya Bombay inagwira ntchitoyi chaka chimodzi chokha, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene panyanja panali poopsa.

Kodi mumadziwa kuti ndalamayi imanena yokha kumene inabadwira? Itembenuzeni. Muona munthu wokwera kavalo, George Woyera, akulimbana ndi chinjoka. Chithunzichi anachijambula ndi Benedetto Pistrucci wa ku Italy. Yang'anitsitsani pa nthaka imene kavaloyo wapondapo, pamwamba penipeni pa chaka. Chilembo S ndi Sydney, M ndi Melbourne, P ndi Perth, C ndi Canada, I ndi India, ndipo SA ndi Pretoria. Ya ku London ya mtundu umenewu ilibe chilembo. Timalembati ndi tating'ono kwambiri moti ambiri amatiyesa dothi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: jambulani ndi foni padzuwa, kenaka kuzani chithunzicho.

Kodi mumadziwa kuti ziwiri zofanana ngati mapasa zingasiyane mtengo ngati nkhuku ndi ng'ombe? Mu 1923 nthambi ya Pretoria inatulutsa mazana ochepa chabe a ma sovereign oti ayende m'manja mwa anthu, ndipo mu 1924 inatulutsa zikwi zochepa. Itazolowera ntchito, mu 1928 yokha inasula oposa 18 miliyoni. Ndiye chifukwa chake osonkhanitsa ndalama zakale amalimbirana za 1923 ndi 1924 zokhala ndi SA, pamene ya 1927 kapena 1928 imagulidwa motsatira mtengo wa golide wa tsikulo, kuwonjezapo pang'ono. Kuti mudziwe poyambira, chulukitsani mtengo wa galamu imodzi ndi 7.32.

Kodi mumadziwa kuti Pretoria inasula ma sovereign zaka khumi zokha? Otsiriza ndi a 1932. Britain inaleka kumangirira ndalama yake ku golide mu Seputembala 1931, South Africa n'kutsatira mu Disembala 1932. Kuyambira pamenepo golide wa m'kobidimo anaposa mashiling'i 20, ndipo wanzeru aliyense anaibisa m'malo mokagulira nsalu. Mu 1941 nthambiyo inachoka m'manja mwa London n'kukhala South African Mint, imene inadzayamba kusula ndalama ya golide yotchedwa Krugerrand mu 1967.

Kodi mumadziwa kuti nkhondo ya Mpezeni inayamba ndi mphekesera ya golide? Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anauza anzake ku Ulaya kuti dziko la Mpezeni ndi lodzala ndi golide, ndipo kampani ya North Charterland Exploration inakhazikitsidwa mu 1895 kuti idzamukumbe. Mu Januwale 1898 asilikali a Angelezi anathira nkhondo Angoni, ndipo Nsingu, mwana wa Mpezeni, anaphedwa mwezi wotsatira. Golide wochuluka amene ankamuyembekezera sanapezeke. Kampaniyo inatsala ndi malo aakulu, azungu n'kutembenukira ku fodya, eni nthaka n'kukankhidwira m'madera opanikizana.

Kodi mumadziwa kuti msonkho ndi umene unatulutsa agogo athu m'midzi? Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, boma la ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, linaika msonkho wa mashiling'i 3 pa nyumba. Sovereign imodzi ikanakhomera nyumba zisanu ndi imodzi, n'kutsalako mashiling'i awiri. Koma kumudzi kunalibe poipezera. Amuna anayenda pansi kudzera ku Tete kapena ku Feira, kuwoloka Zambezi, kulowera kumigodi ya Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Amene sanabwerere ndiwo tinawatcha matchona.

Kodi mumadziwa kuti kobidi kamodzi aka kanali thukuta la masiku pafupifupi khumi pansi pa mgodi? Kumigodi ya Johannesburg munthu wakuda ankalandira pafupifupi mashiling'i awiri pa tsiku, ndipo malipirowo anakhala choncho zaka zambirimbiri. Nthawi imeneyo South Africa inkatulutsa pafupifupi theka la golide yense wokumbidwa pa dziko lapansi. Mwala ankaphwanya ndi anthu athu, golide n'kukayengedwa ku Rand Refinery ku Germiston, imene inayamba ntchito mu 1921, kenaka ku Pretoria n'kumudindapo mutu wa mfumu ya ku England.

Kodi mumadziwa kuti m'zaka zimenezo bungwe la Wenela, lopezera migodi antchito, linali loletsedwa kulemba anthu a kwathu kuno? Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kutenga antchito ochokera kumaiko otentha a kumpoto, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo m'makomboni a migodi. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Choncho munthu wa ku Katete amene anagwira sovereign ya SA ili yatsopano ku Joni, nthawi zambiri anali atapitako mwa selefu, pa miyendo yake, wopanda womulemba.

Kodi mumadziwa kuti ngolo yojambulidwa molakwika inachititsa manyazi Paul Kruger, mtsogoleri wa Mabunu? Angelezi asanatsegule nthambi yawo, Mabunu anali ndi ndalama zawo za golide. Zoyamba za 1892 zinasulidwa ku Berlin, ndipo mmisiri wake Otto Schultz anajambula ngolo ya mitengo iwiri yokokera, ngati ya kavalo. Mnyamata aliyense woyendetsa ngolo ku Sinda akanamuuza kuti ya ng'ombe imakhala ndi mtengo umodzi pakati. Kuwonjezera apo, anaika zilembo za dzina lake, OS, pa phewa la Kruger, osadziwa kuti m'chinenero cha Mabunu mawu amenewo ndi ng'ombe yofula. Chisankho chinali pafupi, adani ake anaseka, ndipo zidindo zinasinthidwa msangamsanga.

Kodi mumadziwa kuti pali ndalama ya golide imene ilipo imodzi yokha? Mu 1899 zidindo za chaka chatsopano sizinafike ku Pretoria chifukwa cha nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi. Mabunu anaganiza zokhomera nambala 9 pa ndalama za 1898. Pa yoyamba nambalayo inakula kwambiri, choncho 130 zotsatira anazikhomera 99 waung'ono. Yoyamba ija inagulitsidwa mu 2025 pa mtengo woposa madola 2 miliyoni a ku America. Nkhondo yomweyo ili kumapeto, mu 1902, Mabunu anasula mapaundi 986 pa makina a pamgodi ku Pilgrim's Rest; dzina lake ndi Veld Pond.

Kodi mumadziwa kuti ku America nakonso golide anasamutsa eni dziko? Ku Dahlonega, m'boma la Georgia, kunali nthambi yosula ndalama za golide zokhazokha kuyambira 1838 mpaka 1861, ndipo chilembo chake chinali D. Dzina la tawuniyo ndi la chinenero cha Acherokee, lonena za mtundu wachikasu. M'chaka chomwe nthambiyo inayamba kusula, Acherokee anali kuthamangitsidwa m'dziko lawo ndi asilikali.

Kodi mumadziwa kuti mawu akuti ndalama ali pachibale ndi golide? M'Chishona, ndarama ndi golide. Akatswiri ambiri a zinenero amalumikiza mawuwa ndi dirham ya Aarabu amene ankagula golide ku Sofala ndi m'mbali mwa Zambezi kalekale. Maina ena anabwera ndi makobidi a atsamunda: tiki inali mapeni atatu, susu mapeni asanu ndi limodzi. Kwacha itabwera pa 16 Januwale 1968, paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, ndipo dzina la susu linasamukira pa 5 ngwee.

Kodi mumadziwa kuti peni yoboola pakati ilibe golide ngakhale pang'ono? Ija ya njovu ziwiri, ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi ya mkuwa wosakaniza, ndipo zinasulidwa mamiliyoni kuyambira 1955. Mphekesera yoti makobidi a mutu wa Mfumukazi kapena simbi zakale za makala zili ndi mphamvu yobisika imene azungu akuifuna ndi msampha wa akathyali. Amayamba ndi kukulonjezani chuma, kenaka amati mulipire kaye ya "kuyeza". Sungani peniyo ngati chikumbutso, koma musagulitsire mbuzi.

Kodi mumadziwa kuti yachinyengo mungaigwire muli pakhonde panu? Golide sakokedwa ndi maginito. Ikamata, si iyo. Ikani pa sikelo yaing'ono ya ogula golide: yoyenda kwambiri m'manja ingatsike pang'ono pa magalamu 7.98, koma ya mkuwa wopaka golide ya msinkhu womwewo imalemera pafupifupi theka. Kenaka werengani. Ma sovereign onse a SA ali ndi mutu wa Mfumu George V ndipo zaka zake ndi 1923 mpaka 1932. Mukaona SA pa ndalama ya Mfumukazi Victoria, kapena ya 1915, dziwani kuti n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi mumadziwa kuti kuitsuka ndi kuiwononga? Phulusa, mchenga, ndimu kapena mankhwala otsukira mano zimasiya timikwingwirima timene wogula wodziwa amationa nthawi yomweyo. Yoboola kuti ikhale mkanda, kapena yowotchereredwa pa mphete, imatsala ndi mtengo wa golide wokha, ngakhale chaka chake chikhale chosowa. Igwireni m'mbali, ikulungeni payokha m'kapepala kouma, isamakhudzane ndi makobidi ena. Ndipo musaigulitse kwa woyamba kufika pa njinga yamoto. Safunsa anadya phula.

Kodi mumadziwa kuti lamulo la Zambia limateteza zinthu zakale? Lamulo la 1989 lokhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission limawerengera m'gulu la zotetezedwa zinthu za mbiri zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dziko muno chisanafike chaka cha 1924. Mukafukula mphika wa makobidi akale polima, dziwitsani a mfumu ndi bungweli, ndipo kudutsa nazo malire pa Chanida kapena pa Mwami popanda chilolezo ndi mlandu.

Kodi mumadziwa kuti golide amene Wiese ankalota analipo ndithu, koma wa timchengamchenga? Kutsidya kwa malire, ku Missale ndi ku Chifumbazi m'chigawo cha Tete, anthu ankamusefa kuyambira masiku amene Apwitikizi ankapempha malo kwa Undi. Lero ku Vubwi, komwe kunakhala boma palokha mu 2012, anyamata ndi amayi akusefa m'mitsinje ndi mabeseni. Afunseni kuti magalamu 7.32 amatenga masiku angati msana uli chiweramire, mudzaiona mwina ndalama ya agogo ija.

Kodi mumadziwa chimene timalemba tiwiri tija sitinena? SA imakuuzani mzinda umene ndalama inasulidwa, chaka chimakuuzani nthawi, koma dzina la amene anaibweretsa ku Katete atamanga pa nsalu m'chiuno silinadindidwepo. Ngati m'kachitini muli imodzi, pitani kwa azakhali kapena amalume akadali moyo. Afunseni kuti anapita ndani, ku mgodi uti, anakhalako zaka zingati, anabwerako kapena anatchona. Lembani pa kapepala komwe mwaikulungirako.