Khirisimasi ya pa 7 Januwale

Chaka ndi chaka, mafakitale a ku Westmead ndi ku New Germany akayandikira kutsegulidwanso, abale athu amene anakadyera Khirisimasi kumudzi akubwerera muno mu Pinetown matumba atapepuka, pali funso limene anthu odziwa kuti ntchito yanga ndi yophunzitsa mbiri ya Mpingo salephera kundifunsa: kodi anthu a ku Russia, amene timawaona pa wailesi yakanema atanyamula makandulo usiku wa pa 6 Januwale, ndi Akhristu anzathu, kapena ali ndi Yesu wawo wobadwa tsiku lina? Funsoli ndimalilandira ndi manja awiri, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo yankho lake ndi lakuti Yesu ndi yemweyo, tsikunso ndi lomwelo la 25 Disembala, koma kawerengedwe ka masiku ndiko kanasiyana.

Kalendala imene Julius Caesar anakhazikitsa ku Roma m'chaka cha 45 Ambuye asanabadwe inayesa chaka kukhala cha masiku 365 ndi maola 6, pamene chaka chenicheni cha dzuwa chimaperewera pamenepo ndi mphindi ngati 11. Ndipo mphindizo, ngakhale zioneka zosanunkha kanthu, zimakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse, monga wotchi yotsalira pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Pofika 1582 masiku angapo anali ataunjikana, motero Papa Gregory XIII analamula kuti tsiku lotsatana ndi 4 Okutobala likhale 15 Okutobala. Maiko a Chikatolika anamvera msanga, koma ena, posafuna kulandira lamulo lochokera kwa Papa, anazengereza. Ngakhale dziko la Britain, kumene kunachokera amishoni a ku Magomero ndi ku Livingstonia, linakana mpaka 1752. Ku Russia boma linasintha mu Febuluwale 1918, koma Mpingo wa Orthodox unagwiritsitsa kalendala ya makolo, imene lero yatsalira masiku 13. Chotero wansembe wa ku Moscow akatsegula buku lake m'mawa wa tsiku limene ife titcha 7 Januwale, m'bukumo mwalembedwa 25 Disembala.

Si a Orthodox onse amene amatero. Agiriki a muno mu Durban, pamodzi ndi a Orthodox a ku Malawi amene ali pansi pa mpando wakale wa ku Alexandria, amakondwera pa 25 Disembala limodzi nafe. Pamene abale a ku Ethiopia, amene ambiri a ife timagula buledi ndi mafuta ophikira m'timasitolo tawo, amakondwera pa 7 Januwale mwa kalendala yawoyawo.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si tsikulo, ndi njira yofikira tsikulo. Kuyambira pa 28 Novembala, kwa masiku makumi anayi, wokhulupirira wa ku Russia salawa nyama, mazira kapena mkaka, nsomba amadya masiku ololedwa okha. Ndipo pa tsiku lomaliza, mwa mwambo wakale, m'nyumba simudyedwa kanthu kufikira nyenyezi yoyamba itaoneka kumwamba, kukumbukira ija inatsogolera anzeru a kum'mawa ku Betelehemu. Pamenepo mayi wa pakhomo amaika pa tebulo mbale ya sochivo, ndiye tirigu wosasinja wophikidwa mpaka kufewa, wothiridwa uchi ndi mtedza, chakudya cha munthu wosauka chimene wolemera yemwe amadya usiku umenewo. Ife kuno phwando timaliyamba tsiku lolandira bonasi, kotero kuti tsiku la Mwana likamafika ambiri tatopa nako kudya, ena ngongole yawakulunga kale. Iwo amafika pa khomo la phwando ali ndi njala, ndipo ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti mpunga wa nkhuku umene amayi athu ankaphika kamodzi pa chaka unali pafupi ndi nzeru imeneyi koposa madyerero athu a masiku ano.

Mapemphero ake ndi a usiku, ndipo mlendo wolowa m'tchalitchi amadabwa posaona mabenchi, pakuti anthu amaimirira maola ambiri pamaso pa Mulungu, amayi atafunda mipango kumutu. Mulibenso ng'oma kapena limba, koma mawu a anthu okha, oimba m'Chisilavo chakale cha tchalitchi. Pakati pamaikidwa chithunzi chopatulika cha kubadwa kwa Ambuye, chimene anthu amachipsompsona, osati mochipembedza monga ena amawanenera, koma mopereka ulemu kwa Iye amene chikumuonetsa. Pa chithunzicho Mwana sagona m'khola laudzu koma pakamwa pa phanga lakuda bii, atakulungidwa nsalu zonga za maliro, kuti woyang'ana akumbukire manda ali m'tsogolo. Ndipo Yosefe wakhala pambali yekha, dzanja lili patsaya, akulimbana ndi chikayiko. Chiphunzitso chonse cha kubadwa kwa Mpulumutsi chili pa thabwa limodzi, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga achiwerenge.

Chikhulupiriro chimenechi, chimene chinazika mizu Vladimir wa ku Kiev atabatizidwa m'chaka cha 988, chinayesedwa ndi moto. Boma la Chikomyunizimu linachotsa Khirisimasi pa masiku opuma mu 1929, linatseka matchalitchi zikwizikwi, linapha ansembe ambiri, ndipo mu Disembala 1931 linaphulitsa tchalitchi chachikulu cha Khristu Mpulumutsi ku Moscow. Mtengo wokongoletsa unaloledwanso mu 1935, koma monga wa Chaka Chatsopano, ndipo mphatso za ana zinasamukira komweko, m'manja mwa nkhalamba ya ndevu zoyera yotchedwa Ded Moroz. Amene anasunga mwambo m'zaka zimenezo anali makamaka agogo aakazi, obatiza adzukulu mobisa. Pamene tsikuli linakhalanso lopuma mu 1991, linabwerera lopanda malonda, popeza phokoso lonse linatsalira pa 31 Disembala. Chimene adani anayesa kuchifafaniza anangochipeta. Sindikunena kuti aliyense wa ku Russia amasala kudya, pakuti odzitcha a Orthodox ndi ochuluka kuposa olowa m'tchalitchi, monganso kwathu. Ndiponso kalendalayi yalowa m'zowawa za nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine, moti mu 2023 dziko la Ukraine linasamutsira Khirisimasi pa 25 Disembala, chinthu chomvetsa chisoni pakati pa ana a ubatizo umodzi.

Muno mu South Africa wofuna kuona ndi maso ake apite ku Midrand, kumene kuli tchalitchi cha Sergius Woyera wa ku Radonezh, cha madenga obulungira agolide, chimene chinapatulidwa mu 2003. Kumeneko chikondwerero chimapitirira masiku 12, kufikira pa 19 Januwale, tsiku lokumbukira ubatizo wa Ambuye mu Yordano, pamene wansembe amadalitsa madzi ndipo anthu amatunga m'mabotolo kupita nawo kunyumba. Chipale chofewa kulibe, ndi nyengo ya mvula ndi kutentha. Ndipo popeza mu Januwale dzuwa la ku Gauteng limalowa cha m'ma 7 koloko, pamene la ku Moscow limalowa 4 koloko itangopitirira, wodikira nyenyezi kuno amasala kudya maola ngati atatu kuposa mbale wake wa kwawo.