Ati mwanayu sasochera

Foni inalira ndisanasukusule n'komwe. Anali atsibweni a mnyamata wina wa zaka 13 amene ndakhala ndikumuyendera m'mudzi wina wa m'mapiri, kum'mawa kwa Mponela. "Ophunzitsi, mwana wa mlongo wanga uja sanagone m'nyumba." Ndinafunsa kuti anayamba kumufuna nthawi yanji. Anati kutada. Nanga pakhomo anachoka nthawi yanji? Dzuwa lili paliwombo. Ndiye masana onsewo munali kuti? Yankho lawo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe: "Sitinade nkhawa ayi. Uja sasochera. Njira amaidziwa kuposa ife tonse."

Ine ndine mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Ndimazungulira sukulu ndi midzi ya ku Dowa pa njinga yamoto, ndipo mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa. Mnyamatayu ali ndi autism. Vutoli lilibe dzina la Chichewa limene tonse tinagwirizana, n'chifukwa chake anthu amangotola lililonse lili pafupi: wozerezeka, wopepera, kapena monong'ona, "anamukhwimira kuti fodya aziyenda bwino ku okushoni". Chilipo n'chakuti ubongo wa mwana wotere umakula mwa njira yakeyake kuyambira ali wakhanda. Kucheza ndi kulankhulana ndi anthu kumamuvuta, amafuna kuti zinthu zizichitika chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo phokoso limene ife sitilimva n'komwe iye likhoza kumulasa ngati minga. A World Health Organization ananenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nalo. Za kukhwimirazo ndidzalemba tsiku lina, mawu ndili nawo ambiri. Lero ndalimbana ndi bodza lina, lija limabwera litavala zovala zoyamikira.

Masana alionse mnyamatayu ankapita kwa agogo ake kutsidya kwa dambo, ulendo wa makilomita atatu kapena kucheperapo. Ndinamutsatirapo kawiri. Akafika pamjigo amagwira chogwirira chake. Pa chigafa cha fodya amadutsa kudzanja lamanja, osati lamanzere, ngakhale kumanjako kukhale matope. Pamphambano panali bulugamu wamkulu. Ankaumenya kawiri ndi chikhatho, n'kukhotera kumanzere, n'kutsetserekera pa ulalo wa mitengo. Zaka zinayi osaphonya. Akuluakulu am'mudzi ankati mizimu ya makolo imamutsogolera. Mphunzitsi mnzanga wina, amene anaonera pa Facebook kanema wa Stephen Wiltshire, Mngelezi uja amene amakwera helikopita kuzungulira mzinda ngati Rome kapena Tokyo n'kudzaujambula wonse kuchokera m'mutu, ankati ana oterewa amabadwa ndi mapu m'mutu. Mizimu kapena mapu, bodzalo ndi limodzi. Langosintha malaya.

M'mawa wa tsiku limene anasowalo, mwini munda anagulitsa bulugamu uja kwa ocheka matabwa. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chitatalika kupitirira mutu wa munthu wamkulu, moti kanjira kalikonse kanali ngati kulowa m'mphako. Mnyamatayo anafika pamphambano, mtengo palibe. Sanakhote. Anapitirira kutsogolo, ndikhulupirira akufunabe mtengo wake.

Munthu amadziwa malo m'njira ziwiri. Yoyamba ili ngati mikanda pa ulusi: mjigo umakupereka kwa chigafa, chigafa kwa mtengo, mtengo kwa ulalo. Chilichonse umachiyeza ndi thupi lako, kumanja kwanga, kutsogolo kwanga. M'mabuku athu timati egocentric, kutanthauza kuti pakati pa zonse pali iweyo. Imagwira bwino ntchito, koma mkanda umodzi ukathothoka, yonse imamwazika. Yachiwiri ndi ya kabawi ali m'mwamba: amaona kuti mudzi uli apa, dambo lili apo, phiri lili uko, ndipo zinthuzo zimakhala m'malo mwake kaya iye wayang'ana kuti. Iyi timati allocentric. Wakabaza wa pa Mponela akapeza Kasangadzi atadzaza pamene amawolokera, sakhala pansi n'kulira. Amazungulira njira imene mwina sanaidutsepo, chifukwa m'mutu mwake akudziwa kumene kuli msewu wa M1 ndi kumene kuli mudzi umene akupita. Tonsefe timagwiritsa ntchito zonse ziwiri, n'kumasinthasintha osazindikira.

Mapu a kabawiwa ali ndi kwawo m'bongo, kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kali mkati, cha kuseri kwa makutu. Mu 1971 John O'Keefe, akugwira ntchito ku London, anapeza kuti m'kachigawoka mwa khoswe muli maselo amene amayaka pokhapokha khosweyo akafika pamalo ena ake. Mu 2014 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi May-Britt ndi Edvard Moser a ku Norway, amene anapeza maselo ena oyeza mtunda. Ine chimene chimandisangalatsa kwambiri n'cha mu 2000, pamene Eleanor Maguire anaunika ubongo wa oyendetsa matakisi a mu London, anthu amene amaloweza misewu ya mzindawo kwa zaka asanapatsidwe chiphaso. Mbali ya kumbuyo ya hippocampus yawo inali yokulirapo, makamaka mwa amene anakhalitsa pantchito. Ndiye kuti mapu a m'mutu amakula ndi kuyenda. Musunge mawu amenewa, ndibwereranso.

Nanga za ana a autism bodzali linachokera kuti? Silinagwe kumwamba. Mu 1983 Amitta Shah ndi Uta Frith anaonetsa kuti ana amenewa amafulumira kupeza kachithunzi kakang'ono kobisika m'kati mwa chithunzi chachikulu. Kholo lililonse la mwana wotere likudziwa zimenezi popanda kuwerenga buku: musunthe mpando pang'ono, iye ndiye woyamba kuona, singano ikagwa pamphasa, muitaneni. Diso la tinthu ting'onoting'ono alidi nalo ambiri a iwo. Kulakwa kwathu n'kuganiza kuti woona singano pamphasa ndiye kuti amaonanso dera lonse.

Elizabeth Pellicano ndi anzake anayesa zimenezi ku Bristol, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Anakonza chipinda chokhala ndi timagetsi 16 tobiriwira pansi, mwana n'kumayenda kudina kamodzikamodzi kufuna kamene kasanduke kofiira. Chinsinsi chimene anawo sanauzidwe n'chakuti maulendo 80 mwa 100 kofiirako kankakhala mbali imodzi ya chipindacho. Zili ngati kufuna bowa m'nkhalango ya Ntchisi: wodziwa amazindikira msanga kuti amamera kwambiri mbali iti, ndipo sabwerera pamene wafufuza kale. Ambiri ankayembekeza kuti ana a autism apambana. Sizinatero. Anachedwa kuzindikira mbali yabwinoyo, ndipo ankabwerera kawirikawiri pamalo pamene adina kale. Mu 2013 Sophie Lind ndi anzake anapezanso kuti akuluakulu a autism, anzeru zawo bwinobwino, ankavutikirapo kupeza zinthu zobisika pa chilumba cha pa kompyuta pamene pankafunika mapu a m'mutu aja.

Ndisanamizire kuti ofufuza onse amayimba nyimbo imodzi. Ku Montreal mu 2004 gulu la Laurent Mottron linayendetsa achinyamata ndi akuluakulu a autism m'tinjira tokhotakhota tomangidwa dala, ndipo iwo anachita mofanana ndi anzawo, pa zojambula mapu n'kuwaposa kumene. Phunziro lake ndi limene ndimaona m'makalasi: ana amenewa safanana. Ndili ndi mtsikana wina amene akhoza kukujambulirani msewu wochokera ku Lumbadzi kudutsa pa boma la Dowa mpaka ku Chezi, milatho yonse m'malo mwake. Ndili ndi mnyamata wina amene amasochera pochokera kuchimbudzi cha pasukulu ngati wina watseka chitseko chimene amatulukira. Stephen Wiltshire alipodi, ndipo luso lake n'lodabwitsa, koma ndi mmodzi pakati pa anthu ochuluka zedi. Komanso kujambula mzinda uli pampando n'kwina, kupeza kwanu m'chimanga dzuwa likulowa n'kwina.

Pali chinanso chimene zoyesa za m'chipinda sizigwira. Inu ndi ine timasochera kangati? Kambirimbiri. Ndasocherapo m'tinjira ta ku Dzaleka, ndasocherapo kuseri kwa Kongwe nkhungu itatsika. Sizinafike pa nkhani chifukwa ndinaima n'kunena kuti "Zikomo mayi, njira ya kusukulu ndi iti?" Akulu anati safunsa anadya phula. Koma kufunsako ndiye pamene pali chilema cha mwana wa autism. Wina salankhula n'komwe. Wina amalankhula koma sangayambe yekha kulankhula ndi mlendo. Wina mukamufunsa kuti "Kwanu n'kuti?" amakubwezerani kuti "Kwanu n'kuti?" Timati echolalia, kubwereza mawu a wina, ndipo wodutsa m'njira amangoti mwanayu ngwamwano, n'kumapita. Onjezani mantha. Chinthu chimene amachizolowera chikasowa, mwana wotere amasokonezeka kwambiri, ndipo ngakhale mapu amene anali nawo amafufutika.

Mnyamata wathu anapezeka m'mawa mwake ndi anyamata oweta ng'ombe. Anali atanyonyomala m'chigafa cha anthu ena, manja ali kumakutu, zovala zitanyowa, mamita mwina 500 kuchokera kwa agogo ake. Usiku anthu anadutsa pafupi pomwepo ndi matochi, akuimba malikhweru, akumenya zidebe, akukuwa dzina lake. Anachita zimenezi mwa chikondi, ndipo sindiwadzudzula. Koma kwa iye chinali chiphokoso chomuthamangitsa, ndiye anabisala. Pambali pa chigafacho pali dzenje loumbira njerwa lodzaza madzi. Nditaliona miyendo inandilefuka.

Madzi ndiwo amandisowetsa tulo. Ku America, kafukufuku wa mabanja a ana oposa 1,200 wofalitsidwa mu 2012 m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics anapeza kuti pafupifupi theka la ana a autism anayesapo kuchoka pamalo otetezeka atapitirira zaka 4. Mwa amene anasowadi, pafupifupi mmodzi mwa anayi anatsala pang'ono kumira, ndipo oposa theka anali pangozi ya galimoto. Kumeneko n'kwa maiwe osambira a kuseri kwa nyumba. Kwathu kuno ndi zitsime zosavundikira za m'madimba, maenje a njerwa, mitsinje ya dzinja, ndi mathiraki a pa M1.

Tsopano banja lija linatembenukira mbali inayo. Atsibweni anati kuyambira lero azitsekeredwa m'nyumba, ndipo wina anatchula za chingwe. Apa ndinakwiya, ndipo sindinabise. Dzulo anali wanzeru zoposa tonse, lero asanduke mbuzi yomangirira? Ulendo wa kwa agogo ndi chinthu chokhacho chimene mnyamatayu amachita yekha, ndiye ulemu wake. Ndipo kumbukirani oyendetsa matakisi aja: mwana womutsekera mapu ake sakula. Tsiku limene chitseko chidzaiwalike chotsegula, adzatuluka osadziwa kanthu.

Malo andithera, ndiye zoyenera kuchita ndingozithamangira, ndipo si zonse zigwire kwa mwana aliyense. Yendani naye njira yake, muone mikanda imene amadalira; ngati ndi zinthu zotha kudulidwa, kugwa kapena kukololedwa, muphunzitseni zosasuntha monga phiri, tchalitchi, nsanja ya foni. Muime pakatikati n'kumufunsa kuti aloze kwawo. Njira yobwerera muiphunzitse payokha, chifukwa chimene chinali kumanja popita chimakhala kumanzere pobwera, ndipo kwa ena imeneyo ndi njira yachilendo. Pang'onopang'ono, tsiku limene mtima wake uli m'malo, muonetseni njira yachiwiri. Adzakana, mwina kwa milungu, musamukoke. Muyendenso naye chimanga chikatalika, ndiponso mukakolola, poti kwa iye amenewo ndi maiko awiri. Amayi a pamjigo, mwini golosale, akabaza ndi anyakwawa amudziwe, ndipo nambala ya foni isokeredwe pa malaya. Akachedwa musadikire mdima. Yambirani kumadzi, kenako pamene njira yasintha, ndipo apite anthu ochepa amene amawadziwa mawu, akuitana modekha. Akapezeka musamumenye. Ngati mwana wanu sanaonedwepo ndi achipatala, yambirani kwa alangizi a zaumoyo kapena mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera wa m'dera lanu. Akhoza kukutumizani kuchipatala cha boma, ndipo ku Lilongwe kuli Kamuzu Central ndi St John of God. Mankhwala ochotsa autism kulibe, kaya kuchipatala kaya kwa sing'anga, ndiye mbuzi zanu musagulitse.

Mnyamata uja anayambiranso ulendo wake patatha milungu itatu, mlongo wake wamng'ono akumutsatira chapatali. Pamphambano tinazika mtengo wouma wopaka laimu pafupi ndi chitsa, koma iye sauyang'ana n'komwe. Amawerama, n'kumenya chitsacho kawiri, n'kukhotera kumanzere. Sabata yatha ndinamuimitsa pa ulalo n'kumufunsa kumene kuli kwawo. Analoza kwa agogo ake. Mlongo wake anamugwira paphewa n'kumutembenuza, ndipo tinayesanso.