Mpanda wa Sukulu Usakhale Mpanda wa Mtima

Mwana wa kwa Chimaliro akasankhidwa kupita ku sekondale ya asungwana okhaokha monga Providence ku Mulanje kapena Stella Maris ku Blantyre, ngakhalenso ya anyamata okhaokha monga St. Patrick's ku Limbe, makolo amapuma ndi kunena kuti, “Tsopano wapulumuka ku zoipa.” Mpanda umatchinjirizadi. Koma kodi mpanda ungathe kuphunzitsa mwana kukhala bwino ndi anthu?

Mwana ameneyu wakulira pakati pa minda ya tiyi, kumene aliyense amadziŵa dzina lake ndi la amake. Tsono afika m'chipinda chogona cha alendo okhaokha, ena a m'tauni ovala bwino, ena olankhula Chitumbuka kapena Chiyao. Kaŵirikaŵiri amachita manyazi kutchula kuti bambo ŵake amathyola tiyi, nabisala m'mabuku. Mwana iwe, ntchito imene yakugulira sutukesi si yochititsa manyazi. Bwenzi loona lidzakukonda likudziŵa kwanu.

Ubwenzi umaphuka pamene anthu agwirira ntchito pamodzi. Chifukwa chake loŵani kwaya, mpira, gulu la mtsutso kapena la zisudzo. Gulu la SCOM, limene linayamba m'chaka cha 1961, limasonkhanitsa ophunzira a sukulu zosiyanasiyana. Pa misonkhano yotere, ndi pa maulendo a maseŵera, mnyamata ndi msungwana amakumana poyera, aphunzitsi ali pomwepo, naphunzira kucheza mwaulemu monga munthu ndi mlongo wake.

Apa ndipo pali nkhani yaikulu. Zaka 4 za sekondale zimatha msanga. Msungwana amene sanayankhepo mnyamata pa mtsutso amanyengeka ndi mau okoma a munthu woyamba kumuimitsa pa msika wa Luchenza. Mnyamata amene amangomva za asungwana m'nthabwala za usiku amakula akuwaopa kapena akuwanyoza. Lamulo la dziko lino lidakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati m'chaka cha 2017, koma lamulo silipatsa mwana nzeru yosiyanitsa ubwenzi ndi chibwenzi. Nzeru imeneyi imachokera kwa makolo, alangizi ndi anzake abwino.

Tchuthi nachonso ndi sukulu. Wophunzira asanyoze anzake amene adatsala m'mudzi kapena adaloŵa ntchito ku esiteti, ngati kuti Chingerezi chamusandutsa mlendo. Apite nawo kumunda, kumaliro ndi kumpira, pakuti tsiku la tsoka ndi iwo amene adzathamanga.

Inu makolo, polandira lipoti musafunse za malikisi okha. Funsaninso kuti, “Kodi mnzako wapamtima ndani? Kwawo nkuti?” Muuzeni adzabwere naye kunyumba, mumphikire nsima, mumuone ndi maso anu. Mwana akakutchulirani dzina la mnyamata kapena la msungwana, musafulumire kukalipa, chifukwa wokalipiridwa lero mawa adzabisa. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwana wopanda anzake sangasenze ngakhale maphunziro amene mudamtumira.